Anapiye Opakidwa Mwaye

"Zoyera zija zili kuti?" Felton anafunsanso ataima pakati pa bwalo, chikwama chaulendo chidakali paphewa.

Anali atangofika kuchokera ku esiteti ya fodya ku Kasungu, kumene anakhalako zaka ziwiri. Pochoka kwawo ku Bowe anasiya tambala ndi misoti yoyera yachizungu, yogula ku Mponela, pamodzi ndi nkhuku zachikuda za mkazi wake Roza. Tsopano pabwalo pankapalasa zakuda ndi zamawangamawanga zokhazokha.

"Ndanena kale, bambo a Lidia. Mphamba," anayankha Roza.

"Mphamba wosankha mtundu? Anaphunzira sukulu iti? Unapereka kwa amako, iwe wakuba! Wandidzazira atambala akuda pakhomo ngati pano ndi pa ofesi ya Kongeresi!"

Amayi amene ankasinja chapafupi anaseka. Roza sanaseke. Anali mtengwa pamudzipo, ndipo mawu akuti wakuba anamveka mpaka kuchitsime.

M'mawa mwake kunabwera Obadiya, mlongo wake wa Roza, yemwenso anali nkhoswe ya banjalo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, namvetsera kaye mlamu wake mpaka thovu litatha. Kenako anapatsa mpata Roza.

"Tambala woyerayo munalamula nokha kuti aphedwe pamaliro a bambo anu," anatero Roza. "Misoti ija inaswa anapiye osakanikirana, ambiri oyera, ena akuda. Taonani phirilo mmene lapsera. Palupsa mwanapiye woyera amaonekera kutali, wakuda akangoti khwathya pansi, watayika. Mphamba ankatola oyera. Akuda ndiwo ankakula, nakwerana okhaokha, n'kuswa akudanso. Misoti yanu ija inatha ndi chitopa, zanga zikupulumuka. Latsala thadzi limodzi la magazi a zoyerazo, ilo lili ndi ana apolo."

"Ana akenso akuda!" anakuwa Felton. Anawerama n'kugwira mwanapiye mmodzi. Atamutaya, chikhatho chake chinali bii. Anamugwiranso, namupukuta ndi malaya. Nthenga zoyera zinatulukira.

"Alamu, mwaona? Amazipaka mwaye kuti ndisazizindikire, kenako azizembetse!"

"Ndimawapaka kuti mbewu yanuyo isathe!" anatero Roza. "Ndakhala ndikukanda miphika chifukwa cha nkhuku zanu, inu mukundiyesa mbala?"

"Alamu, musafulumire," anatero Obadiya. "Zimene akunenazi zikhoza kukhala zoona. Kumapiri kuno nkhuku yoyera yokula ndinaiona liti?"

"Mungalekerenji kumuikira kumbuyo? Si magazi anu? Mutengeni. Akabwere zoyera zanga zili m'dengu."

Roza analowa m'nyumba kukamanga katundu wake. Felton anatenga sanza yonyowa, nayamba kupukuta anapiye opakidwawo mmodzimmodzi, kuti aliyense wodutsa aone umboni. Analipo anayi. Anawala mbee pakati pa abale awo akuda, natsatira thadzi lija kupita kulupsa kuseri kwa nkhokwe.

Roza anatuluka ndi mtolo pamutu, Lidia ali kumbuyo. Asanafike pamphepete pa bwalo, thadzi linalira mokuwa. Chithunzithunzi cha mphamba chinadutsa pansi. Anapiye onse anati khwathya paphulusa. Felton anathamanga akuponya miyala, koma mphamba anali atakwera kale, kanthu koyera kakulendewera kuzikhadabo zake.

Anaima palupsapo akupuma mofulumira. Oyera atatu otsalawo anawaona nthawi yomweyo. Akudawo anawafunafuna osawapeza, mpaka thadzi litawaitana, ndipo anadzuka pafupi ndi mapazi ake enieniwo.



"Amake Lidia," anatero Felton chapansipansi, "tulani mtolowo."

"Mwatsika mawu tsopano?" anatero Roza. "Dzulo munkafuula kuti wakuba mudzi wonse ukumva. Mukafuna ine, mubwere kwathu ndi ankhoswe anu, mudzafuule chimodzimodzi kuti munanama. Tiyeni achimwene."

Anatsetsereka ndi njira yakudambo, Obadiya ali patsogolo. Roza sanacheuke.

Mphamba wina ankazungulira pamwamba pa phiri. Felton anatola anapiye atatu aja, nawaika m'chipewa chake. Analowa m'khitchini, nagwada, n'kuyamba kukanda mwaye kunsi kwa mphika ndi chikhadabo.