Kumanzere kwa Khomo la Ratmi

Ukam'bwereka buku Wuryani, udziwiretu kuti libwerako ndi madontho a mafuta. Ankawerenga uku akukazinga tempe wogulitsa, timakeke tija ta soya, dzanja lina pa supuni, lina pa tsamba, ndipo ife a m'kanjira kathu kuno mumzinda wa Solo tinazolowera kuti tempe akapserera ndiye kuti nkhani yafika pokoma. Mwamuna wake Darmaji, womata matayala a njinga zamoto, ankadandaulira aliyense kuti m'nyumbamo iye ndi mwamuna wachiwiri, wamkulu ndi buku.

Zaka zambiri za ukwati wawo zinatha opanda mwana. Achibale akasonkhana pa chikondwerero chomasula Ramadani n'kuyamba mafunso awo aja a "nanga liti?", Wuryani ankathawira kuseri kwa khitchini ndi buku lake. Kenako kunabwera Kinanti.

Kinanti sanabadwe mwa iye. Anam'bereka ndi Ratmi, mng'ono wake wa Wuryani wa kumudzi ku Wonogiri, amene mwamuna wake anamuthawa ali ndi pakati pa mwana wachinayi. Khandalo lisanayambe n'kukwawa komwe, Ratmi analipereka kwa mkulu wake. Mudzi wonse unkadziwa, kanjira kathu konse kankadziwa. Wosadziwa anali mwiniwake yekha, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndi pakamwa posatseka. Kwa iye Ratmi anali Bulik basi, mayi wamng'ono wobweretsa chinangwa chouma.

Sabata iliyonse njinga yamoto ya mabuku obwereka inkaima pafupi ndi mzikiti. Wuryani ankasankhira mwana wake timabuku ta zithunzi, ndipo masana aliwonse ankamuwerengera pamkeka. Zokambirana zawo zonse zinkachokera m'menemo: chifukwa chake anthu amafa, chifukwa chake ena amagona kunja kwa msika, ngati nsomba zimamva ludzu. Koma buku lililonse ankayamba waliwerenga yekha mpaka kumapeto. Likakhala la mwana wotoledwa, kapena la kabakha koleredwa ndi nkhuku, linkabwerera m'bokosi mwakachetechete. Munthu woti anameza mabuku ankhondo ndi amizukwa osaphethira n'komwe, n'kumanjenjemera ndi kabakha! Komatu mantha ake anali enieni. Ankaopa kuti tsiku lomwe Kinanti adzadziwe, mawu oti "Amayi" adzam'chokera n'kusamukira ku Wonogiri.

Sabata ina kunali ukwati kwa aneba ndipo Wuryani anapatsidwa ntchito yokazinga tempe wa alendo onse. Anatuma Darmaji kuti aperekeze mwana kukasankha buku. Darmaji mabuku amawasankha ngati mavwende, poyang'ana kunja. Anaona lina la kanyali kokongola pachikuto, anvekere, "Ili ndiye labwino," n'kubwera nalo.

Mawa lake masana kunagwa mvula. Kinanti anayala mkeka, n'kudzipanikiza m'khwapa mwa Wuryani, ndipo Wuryani, ndi kutopa kuja, anangotsegula n'kuyamba.

Linali la kamnyamata kamene kakabwera kusukulu kankakhala pakhomo n'kumafotokozera mng'ono wake zonse za tsikulo. Mng'onoyo anali nsengwa yake, chija chimatuluka pambuyo pa mwana pobadwa. Kwathu kuno nsengwa sititaya ngati chinyalala, ndi mng'ono wa khandalo, anagona naye m'mimba imodzi. Bambo amaitsuka, n'kuiika m'kamphika kadothi, n'kuikwirira pakhomo pa nyumba imene mwanayo wabadwira, wamwamuna kumanja, wamkazi kumanzere, ndipo masabata oyamba amayatsapo nyali kuti isaope mdima.

Wuryani anazindikira kumene nkhaniyo inkalowera ali kale pakati pa bukulo. Anatembenuza masamba awiri nthawi imodzi.

"Amayi, mwadumpha."

"Sindinadumphe."

"Mwadumpha! Mesa mumati wodumpha tsamba ndi wakuba?"

Anabwerera, n'kuwerenga mpaka kumapeto. Asanatseke n'komwe, Kinanti anali atafika kale pakhomo.

"Wanga ali kumanzere! Ababa, munamukwirira pati?"

Kumanzere kwa khomo lawo kunali simenti, ndi beseni la madzi akuda lomwe Darmaji amayeseramo machubu. Darmajiyo, bambo wamkulu wandevu zake, anayang'anitsitsa chubu chomwe chinali m'manja mwake ngati sanachionepo.

"Eee... funsa amayi ako, ndiwo owerenga."

Bodza linali pafupi, lokonzeka kale: tinathirapo simenti, ali pansi pomwepo. Wuryani analimva likufika palilime. Koma Kinanti anali atakankha beseni, atanjuta, akugogoda simenti ndi kachala.

"Odi! Ndine mkulu wako. Pepa sindimadziwa kuti uli pano."

Apa Wuryani analephera. Anaona mwana wake akukula, akubwera kusukulu tsiku ndi tsiku kudzapereka moni kwa simenti yopanda kanthu, chifukwa choti mayi wina wamantha anafuna kusunga dzina.

"Dzuka, mwanawe. Palibe munthu pamenepo. Bwera ukhale apa."

Anamuuza zonse, mosazungulira. Mvula inkasokosera pamalata moti mawu ena anachita kubwereza, ndipo kubwerezako kunkawawa kuposa kunena koyamba. Kinanti anamvetsera osaphethira.

"Ndiye Bulik sanandifune?"

"Anakufuna kwambiri."

"Nanga inu munachita kundigula?"

"Kukugula ndi chani, ndi matayala akale awa?" anatero Darmaji. Palibe anaseka.

Masiku otsatirawo zimene Wuryani ankaopa zija zinachitika. Kinanti sanalire, sanachite mwano, ankadya n'kupita kusukulu bwinobwino. Kungoti mawu aja anasowa. Akafuna madzi ankauza khoma kuti, "Ndikumva ludzu." Akasowa sokosi ankati, "Kaya wina waona sokosi yanga." Wina! Wuryani ankakazinga tempe wosapserera ngakhale mmodzi, chifukwa buku silinkatsegukanso m'manja mwake, ndipo ife ogula tinadziwa kuti m'nyumbamo zinthu sizili bwino.

Loweruka m'mawa Kinanti anaima pafupi ndi Darmaji.

"Ababa, ndikufuna ndikamuone mng'ono wanga."

Wuryani anaimbira foni Ratmi.

"Mwamuuza, achemwali?"

"Ndamuuza."

"Kalanga ine... Bwerani. Ndiphika."

Anakwera njinga yamoto onse atatu, mwana pakati. Maulendo onse Kinanti amatsamira pachifuwa pa Wuryani n'kugona asanatuluke n'komwe m'tauni. Ulendo uno anagwira jekete la Darmaji ndi manja awiri, msana uli njo, mpaka kumapiri ouma a ku Wonogiri.

Ratmi anawachingamira pabwalo pomwe anayanika chinangwa. Anali atavala bulauzi yake ya ku maukwati, ndipo ana ake atatu anawathamangitsira kwa aneba. Tiyi anali atathira kale, koma Kinanti sanalowe m'nyumba.

"Ali pati?"

Kumanzere kwa khomo kunali mwala wosalala, ndi kachitsamba ka maluwa oyera onunkhira. Pozungulira pake panali posesedwa bwino, ndipo sikunali kusesa kwa tsiku limodzi lofuna kuonetsa alendo. Wuryani anafika pakhomo limeneli kambirimbiri osaliona kachitsambako, ndipo anachita manyazi.

"Ndimathirira ndi madzi otsukira mpunga," anatero Ratmi. "Kuno madzi ndi ovuta."

Kinanti anayang'ana mwalawo nthawi yaitali.

"M'buku muja anakwirira ndi bambo ake. Ine bambo anga anathawa. Ndiye anakwirira ndani?"

Ratmi analoza ndi chala chachikulu, monga mwa ulemu, kuloza Darmaji.

"Awa. Anasamba, n'kuvala nsalu yobwereka kwa amalume, yaifupi, miyendo yonse pamtunda. Kukumba kwake ngati akukumba chitsime."

"Nthaka ya kuno ndi mwala wokhawokha, iwe," anatero Darmaji. "Matuza ake ndinakhala nawo mpaka mwezi wina."

"Munaikamo chiyani m'kamphikamo?" anafunsa Kinanti.

"Singano ndi ulusi, kuti udzakhale wa manja aluso," anatero Ratmi. "Pensulo. Ndiye pankafunika pepala lolembedwa, kuti udzakonde sukulu, koma m'nyumba muno munalibe ngakhale nyuzipepala yokulungira nsomba. Achemwali angawa anakhala nane tsiku lonse lomwe ndinkabereka iwe, buku lili pamiyendo osaliwerenga. Anangoling'amba tsamba."

"Buku la eni ake!" anatero Darmaji. "Mpaka lero kuli munthu ku Solo amene sadziwa ngati anthu a m'bukumo anakwatirana."

Kinanti anatembenuka kuyang'ana Wuryani, koyamba sabata yonseyo, milomo ikunjenjemera ngati ifuna kuseka. Koma anabwereranso kwa Ratmi.

"Bulik, munandiperekeranji?"

Ratmi anakhala pansi pakhonde, bulauzi ya ku maukwati ija osaisamalanso.

"Mkaka unauma, mwanangu. Chaka chimenecho tinkadya chinangwa kamodzi patsiku, ndipo iwe unkalira mpaka mawu kutha. Ndinaona kuti ndikakukakamira ndikukwirira pafupi ndi mng'ono wakoyu. Sindinakupatse mlendo ayi. Ndinakupatsa munthu amene anandibereka ine kumsana ndili mwana."

"Ndiye mukufuna ndibwerere kuno?"

Wuryani anagwira nsanamira ya khonde. Akanatha kulankhula, akanatha kutchula sukulu, mayeso, mtunda. Anatseka pakamwa, chifukwa funsolo silinali lake.

Ratmi anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Kufuna ndimafuna tsiku lililonse, ndisakunamize. Khomo ili ndi lako, ubwere tsiku lomwe wafuna, sudzagogoda. Koma ukadwala usiku umaitana ndani?"

Kinanti ananjuta pafupi ndi mwala uja, n'kuchotsapo kaduwa kouma, n'kugogoda ndi kachala.

"Odi. Ndine mkulu wako, dzina langa ndine Kinanti. Ndachedwa chifukwa anthu akuluakulu amabisa zinthu." Anapumira kaye. "Ndili sitandade thu. Awo a matuzawo ndi ababa, uwadziwa kale. Awa akulirawa ndi amene anatibereka tonse awirife, ndiwo amakuthirira madzi, uziwamvera." Kenako analoza kumbuyo osacheuka. "Awo agwira nsanamirawo ndi amayi anga. Tsamba uli nalolo anaba ndi iwowo. Amawerenga bwino, koma uzichenjera nawo, amadumpha."

Chimwemwe chinam'bwerera Wuryani mwamphamvu. Koma pomwepo anayang'ana Ratmi, chifukwa mawu omwe anam'bwezera iye moyo anali atadutsa pamtima pa mng'ono wake. Ratmi ankagwedeza mutu kuvomereza, misozi ikutsikira pachibwano. Anaweramira mwala uja.

"Wamva? Mkulu wako sanama."

Kwathu kuno wamng'ono ndiye amatenga dzanja la wamkulu n'kuligunditsa pamphumi pake, ndipo Ratmi anachita zimenezi kwa Wuryani moyo wake wonse. Tsiku limenelo Wuryani anasiya nsanamira, n'kugwada pafumbi pamaso pa mng'ono wake, n'kutenga dzanja lija lokhakhala ndi chinangwa.

"Achemwali, ayi! Anthu aona!" Ratmi anayesa kulikoka.

Wuryani sanalisiye. Analiika pamphumi pake, n'kuligwira pomwepo ndi manja awiri.

"Aone," anatero. "Zikomo, Ratmi."