Zikhadabo za Kapitawo

Mphakayo anali wa bambo anga. Atapuma pa ntchito anabwera naye kudzakhala kwathu, ndipo ankamutcha Kapitawo chifukwa tsiku lonse ankangokhala pa tebulo lodulirapo nsalu n'kumandiyang'anira ndikusoka. Ine ndine telala, shopu yanga ndi chipinda cha kumaso kwa nyumba yathu.

Lachitatu lina ndinapachika diresi la ukwati pachitseko, litangotsala mpendero. Pobwera kokamwa madzi ndinapeza Kapitawo akulendewera pa lesi, ulusi utasololoka mpaka pansi. Mtima unandiwira. Bambo anali atapita kuchipatala kukatenga mankhwala awo. Ndinamukulunga mphakayo m'thaulo, n'kumupana ndi mawondo, n'kumuwenga zikhadabo zonse ndi kasizasi kodulira ulusi, mpaka china chinatuluka magazi. Mkwiyo usanathe ndinamumetanso ndevu. Sindinauze munthu.

Madzulo ake bambo anamunyamula n'kumuyang'anitsitsa.

"Ndevu za Kapitawo zapita kuti?"

"Kaya, mwina zapsa pa mbaula," ndinayankha maso ali pa singano.

"Zimenezija si zokongoletsa ayi," anatero bambo. "Amayezera mpata, kuti adziwe ngati thupi lilowa kapena ayi. Ndi tepi yake, ngati yako ili m'khosiyo."

Anaseka okha.

Kale Kapitawo ankatisiyira khoswe pakhomo pafupifupi m'mawa uliwonse. Tsopano zinatha. Tsiku lina ndinamuona akudumphira khoswe kuseri kwa katoni ya zidutswa za nsalu. Anamupana ndithu ndi phazi, koma khosweyo anangopulumuka ngati sopo wonyowa. Kapitawo anatsala akununkhiza pansi. Ndinaponda makina mwamphamvu kuti ndisaganize.

Loweruka masana galu wa aneba anamasuka pa tcheni n'kulowa pabwalo pathu. Sikanali koyamba. Kapitawo ankadziwa kothawira: mtengo wa mapeyala wa pafupi ndi mpanda, ndipo ankakwera kamodzin'kamodzi n'kumamuyang'ana galuyo ali m'mwamba. Tsikulo anadumphira thunthu n'kutsetsereka. Anadumphanso, n'kutsetserekanso. Zonsezi ndinkaziona pawindo. Pamene ndimatuluka ndi tsache, galu anali atamugwira kale mwendo wakumbuyo.

Dokotala wa ziweto atamaliza kusoka bala, anatenga phazi lakutsogolo n'kulifinya pang'ono.

"Anamuwenga ndani chonchi?" anafunsa. "Mphaka woyenda panja amadya ndi zimenezi, amathawanso ndi zomwezi. Apa mwamumanga manja."

Bambo ndi amene anayankha.

"Zinachitika mwangozi, adokotala. Sizichitikanso."

Pobwerera ndinanyamula katoni ya mphakayo ndine, bambo ali patsogolo ndi ndodo yawo. Titafika pamphambano ndinaima.

"Bambo, ndinamuwenga ndine. Ndevu zomwe. Anandiwonongera diresi la kasitomala."

Sanatembenuke msanga.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, mwanawe," anatero. "Ndinkadikira kuti unene wekha. Ndiye nanenso ndinalakwa. Ndikanakufunsa poyera, bwenzi titamutsekera m'nyumba mpaka zikhadabo zitamera."

Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Ndinalira pamsewu pomwepo, munthu wamkulu ine, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anafunsa ngati kwachitika zovuta.

Zikhadabo zinamera patapita milungu ingapo, ndevu zinatenga nthawi ndithu. Koma mwendo sunawongoke. Kapitawo amatsimphina, ndipo sathanso kudumpha patali. Makoswe ndimatchera ndekha ndi misampha. Chakudya chake ndimamupatsa ndine, m'mawa ndi madzulo, bambo anandisiyira ntchitoyo osanena chifukwa. Ndikaika mbale pansi amakhala patali n'kumandiyang'ana, ndipo sadya mpaka nditatuluka m'khitchini.