Maganizo Athu Kumtaya

Ndatola mabotolo kumtaya zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ana anga atatu akula ndi mabotolo omwewo. Ndiye nditamva kuti boma, pofuna kuchepetsa zinyalala, limangira mtayawo mpanda n'kuupereka ku kampani ya makina, mtima unandiwawa. Akatitsekera kunja, tidya chiyani?

Anati ayamba amva kaye maganizo a anthu, choncho anatiitanira ku holo ya khonsolo. Tinapita otola asanu ndi awiri, titasamba, titavala zoyera. Komabe mlonda anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kutilozera benchi yakumbuyo, pafupi ndi chimbudzi.

Woyendetsa msonkhano anali a Magolovesi, mkulu woona za ukhondo. Dzinali tinawapatsa ndife, chifukwa tsiku limodzi lokha limene anafika kumtaya anatipatsa moni atavala magolovesi. Analankhula maola awiri, uku anzawo akutsogolo akumwa madzi a m'mabotolo ndi kudya za m'mabokosi. Anthu odzachepetsa zinyalalawo anadzaza migolo iwiri dzuwa lisanapendeke.

Nditaimika mkono, iwo anayang'ana wotchi.

"Mayi, nthawi yatha. Lembani pa fomu. Fomu iliyonse iwerengedwa."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bwana. Otola ndife, mutimve."

"Musatisokoneze. Ndati lembani!"

Ndinalemba. Sukulu ndinalekera panjira, koma zakukhosi ndinazitsanula mpaka kuseri kwa tsamba. Ndinati mabotolo amene sakwiriridwa timachotsa ndife, kotero atisiyire khomo ndi malo osankhirapo. Inki inandithera pakati, ndipo ndinamaliza ndi pensulo ya mlamu wanga, amene timatola limodzi.

Lachinayi lotsatira, lole ya khonsolo inadzakhuthula monga mwa masiku onse. Nditang'amba thumba lina lakuda, ndinapeza mabokosi a chakudya aja, mabotolo aja, ndipo pansi pake mtolo wa mapepala womangidwa ndi chingwe. Mfundo yake inali yomweyo imene mlonda wa ku holo anamanga pa mafomu athu ife tikuona.

"Mlamu, tabwerani mudzaone chipongwe!"

Anafika, namasula yekha. Fomu yanga inali yachisanu, theka inki theka pensulo, pakati pali banga la mafuta.

"Kaayikeni pa sikelo, mlamu," anatero mlamu wanga atatsonya. "Mwina wogula mapepala ndiye angaaone phindu."

Ine sindinaseke. Ndinali nditakwiya koopsa. M'mawa mwake ndinasenza thumbalo momwe linalili kupita nalo kukhonsolo, osasamba, osasintha zovala. Mlonda anandithamangira pamasitepe, koma fungo linam'bweza. Ndinakankha chitseko cha a Magolovesi n'kukhuthulira zonse patebulo pawo, pamwamba pa makalata ndi foni yomwe.

"Mwapenga kodi?" anakuwa atadumpha pampando. "Chotsani zinyalala zanuzi!"

"Zanga? Zachokera kwa inu izi. Munati fomu iliyonse iwerengedwa. Ndabweretsa, werengani."

"Lipoti linatuluka kale. Anthu anagwirizana ndi mpanda."

"Anthu ake ati? Anthu ndi awa, simunawamasule n'komwe!"

Alembi anali atadzaza pakhomo, ena atagwira mphuno. Ndinasolola fomu yanga n'kuika pamaso pawo. Ndinkaganiza kuti manyazi awagwira, awerengako ngakhale mzere umodzi. Iwo anatsegula kabati, natulutsa magolovesi, navala pang'onopang'ono chala ndi chala. Kenako ananyamula fomuyo pakona ngati khoswe wakufa, naiponya m'bini.

"Tayani, bwana," ndinatero. "Ibweranso kwa ine Lachinayi, ndipo ndidzabwera nayonso."

"Lachinayi mpanda udzakhala utatha, mayi," anatero akuvula magolovesi aja.

Nditabwerera kumtaya, ndinapeza anthu a kampani akukumba maenje a mizati, mlamu wanga ataima kumsewu ndi thumba lopanda kanthu.