Mpando wa a Sakala kwa Sheila

Dolika anakhala pa banja ndi a Abednego Sakala zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu osadziwa kuti nsanje imawawa pati. A Sakala sanali munthu woyendayenda. Mowa anasiya ana adakali aang'ono, ndipo akachoka pakhomo pawo ku Madzimoyo ndiye kuti ali kumunda, kutchalitchi kapena kumaliro. Azimayi anzake akamadandaula za amuna awo, Dolika ankangomvetsera ngati akumva za matenda a kudziko lina.

Zinayamba chaka chatha anthu atangotha kukolola. Loweruka lililonse dzuwa likangopendeka, a Sakala ankasamba, kuvala shati yoyera ya ku Misa, kupukuta njinga mpaka masipoko, n'kunyamuka. Ankati akukaonera filimu kwa Sheila.

Sheila anali mayi wamasiye wa zaka za m'ma makumi anayi, amene anachokera m'tauni ya Chipata n'kudzatsegula golosale m'mbali mwa msewu waukulu. Kuseri kwa golosaleyo anamanga chishedi chamalata naikamo TV yaikulu yoyendera sola. Mkati mwa sabata ankaonetsa mpira, koma Loweruka masana linali la madoda. Tsikuli ankaonetsa mafilimu a nkhondo zakalekale, omasuliridwa m'Chinyanja.

"Kodi nkhondo yanuyo sikutha?" Dolika anafunsa tsiku lina amuna ake akupopa njinga. "Sabata yatha munati Ajapani agonja. Lero adzukanso?"

"Zilipo zambiri, amake Memory. Ina ya Majeremani, ina ya ku Burma."

"Ndiye kukaonera anthu akuphana mpaka shati ya ku Misa?"

A Sakala anangoseka n'kukwera njinga.

Amene anakoleza moto anali Ketilina, mnzake wa kumphakati wa tchalitchi, atakumana kuchigayo.

"Ine sindifuna kukupasulirani banja, asisi," anatero Ketilina akukutumula thumba, "koma a Gideon anga amapitanso kumeneko, ndipo amakhala pabenchi ngati wina aliyense. Amuna anu okha ali ndi mpando wawowawo. Wapulasitiki, wobiriwira, wakhushoni. Wina akaukhalira, Sheila amamudzutsa. Akuti a Sakala akangokweza dzanja, filimu imaima."

Dolika anaseka kuti Ketilina asaone kanthu, koma pobwerera thumba la ufa linamulemera ngati mchenga wonyowa. Kuyambira tsiku limenelo ankanunkhiza shati ija asanaichape. Ankapisa m'matumba, n'kupezamo timapepala taswiti tokha, komabe ankatisunga m'kachitini ngati umboni wa mlandu. Tsiku lina anadutsa dala pagolosale n'kumuona Sheila akusesa pakhomo, mikono yonenepa bwino, tsitsi loluka la m'tauni. Atafika kunyumba anayang'ana manja ake okakala ndi khasu, nawabisa m'chitenje ngakhale panalibe wina woona.

Loweruka lotsatira anadikira kuti njinga izimiririke pakona, kenako anafunda chitenje kumutu n'kulondola wapansi.

M'shedi muja munali mdima, poti mipata yonse anaitseka ndi masaka. Munali anthu oposa makumi atatu, ambiri a imvi, ena anyamata, ndi azimayi awiri atatu. Dolika anaima kumbuyo. Pa TV azungu ovala zipewa zachitsulo ankakwawa m'matope m'nkhalango, mvula ikugwa, mawu a womasulira akuwalankhulira m'Chinyanja chapamsika. Kutsogolo kwenikweni anaona dazi la amuna ake pamwamba pa mpando wobiriwira. Sheila anakhala pambali pawo pakasitulo, rimoti ili m'manja.

Mkulu wina amene anali pafupi ndi Dolika anamugunda ndi chigongono osamuyang'ana n'komwe.

"Uyu wandevuyu safika kutsidya," ananong'ona.

"Munaionerapo?"

"Kachisanu ndi chiwiri aka."

"Nanga mukudziwa kale, mukuoneranji?"

"Mwina lero awoloka," anatero mkuluyo, maso ali pa TV.

Kenako kunaoneka mtsinje wodzaza. Kumbuyo kwa azungu kunali mzere wa asilikali akuda, mabokosi ali pamutu, madzi akulekeza m'chifuwa. Sanaoneke nthawi yaitali, mwina yokwanira kumeza malovu kawiri. Dzanja la a Sakala linakwera, ndipo chithunzi chinaima.

Palibe anadandaula. Shedi yonse inangoti zii, ngati pa nthawi yokweza Ukaristia. A Sakala anadzuka, navala magalasi, nayandikira TV. Anayendetsa chala pa nkhope za anthu akudawo, mmodzimmodzi, milomo ikugwedera. Sheila anaimirira n'kuwagwira paphewa.

"Khalani pansi, a Sakala. Ndibwezanso kawiri."

Anawapatsa kansalu, iwo napukuta m'maso. Dolika anali asanaonepo misozi ya mwamunayu, ngakhale pa maliro a mwana wawo woyamba. Anatuluka panja nakakhala pakhonde la golosale.

Filimu itatha, Sheila ndiye anayamba kumuona. Anabwera mwansangala, nagwada pang'ono pomupatsa moni.

"Amayi Sakala! Mwachita bwino kubwera. Nkhani ya atate awo ija imawalemera kwambiri amuna anu."

"Nkhani iti?"

"Ya pamtsinje ija." Sheila anakhala pambali pake n'kutsitsa mawu. "Ija yakuti atate awo, a Mthunzi, anapita kunkhondo ya ku Burma ndi mng'ono wawo Joshua. Powoloka mtsinje anagwirana manja, koma bokosi la zipolopolo litayamba kupendama pamutu, a Mthunzi anataya dzanja la mng'ono wawo kuti agwire bokosi, poopa sajeni, mkulu wa gulu lawo. Madzi anamutenga Joshua. Kuno kumudzi anadzanena kuti anaomberedwa. Zoona zake anauza a Abednego okha, atatsala pang'ono kumwalira. Ndiye akaona anthu aja m'madzi..."

Sheila analekeza. Anayang'ana nkhope ya Dolika, nagwira pakamwa.

"Mayo, pepani. Ndimayesa mukudziwa."

Chisoni chimene chinali m'maso mwa Sheila chinamubaya Dolika kuposa khushoni ija. Apongozi akewo, a Mthunzi, anawadwazika yekha zaka zisanu ndi chimodzi. Ankawaphikira phala, kuwachapira mabulangete, kuwatulutsa padzuwa. Koma nkhani ya m'nyumba mwake lero amaimva pakhonde la golosale, kwa mkazi wobwera dzana.

Pobwerera Dolika anakana kukwera pakaliyala. A Sakala anatsika n'kumakankha njinga pambali pake. Anayenda mpaka anapitirira munda wa thonje wa a Gideon.

"Bola mukanagona naye," Dolika anatero.

"Amake Memory! Mawu otani amenewo?"

"Bola, ndithu. Ndikanadziwa chochita. Ndikanapita kwa ankhoswe, ndikanakamuthothola tsitsi lakelo. Nanga izi ndikazinene kwa yani? Ndikati amuna anga amakalira kwa mkazi wina, anthu andiseka."

"Sindinafune kumuuza. Tsiku loyamba nditaona anthu aja m'madzi, mawu anangotuluka okha. Iye ndiye anali pafupi."

"Ine ndinali kuti zaka zonsezi? Ku Joni?"

A Sakala anaima, natsamira chishalo.

"Inu munkawakonda atate. Munkawatenga ngati atate anu okubalani. Ndinaopa kuti mukamva mudzawaona mwina."

"Ndiye munandisankhira zoti ndimve ndi zoti ndisamve, ngati mwana."

A Sakala anangoyambanso kukankha njinga. Ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima koposa, chifukwa anaganiza kuti kwa Sheila akanayankha.

Sabata imeneyo Dolika anaimbira foni mwana wawo Memory, amene amagwira ntchito m'tauni, kuti abweretse TV yake yakale ndi fulashi yodzaza mafilimu a nkhondo. Memory anabweretsa Lachisanu, nalumikiza ku batire ya sola. Loweruka masana Dolika anayala nsalu pampando wabwino, naphika tiyi wamkaka, nawakhazika amuna ake patsogolo pa TV. Mfuti zinalira m'nyumba mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. A Sakala anaonera mwaulemu, manja ali pamaondo. Pasanathe ola anayamba kusinza.

"Si yomweyo kodi?" Dolika anafunsa mokalipa.

"Ndi yomweyo. Koma pawekha siikoma. Kumafunika wina akuwe, wina atsutse. A Gideon agogo awo anafera ku Abisiniya, ena amalume awo anabwerako opanda mwendo. Tikakhala muja timakhala ngati tawaperekeza."

Loweruka linalo shati yoyera inatulukanso. Dolika anamanga duku lake labwino, natenga kampando kake kamatabwa, nakhala pakaliyala asanaitanidwe. Atafika kushedi anadutsa mabenchi onse n'kukaika kampandoko pakati pa mpando wobiriwira ndi situlo ya Sheila. Mpata unali wochepa, koma Sheila anasendera yekha.

Madoda anapempha ya pamtsinje ija. Dolika anaionera mano ali gwa, diso limodzi pa TV, lina pa manja a Sheila. Koma wandevu uja atalowa m'madzi, anadzidzimuka atadzimva akunong'ona kuti, "Gwira muzu, iwe, gwira muzu." Munthuyo sanaugwire.

Asilikali akuda anaoneka. Dzanja linakwera, chithunzi chinaima, a Sakala anadzuka ndi magalasi awo. Dolika anaona Sheila akupisa m'thumba kufuna kansalu kaja, ndipo mawu anamutuluka asanawaganizire.

"Opanga filimuwa ananama apa."

Mitu yonse inatembenuka.

"Anthuwa akuwoloka chete ngati ng'ombe. Apongozi anga ankati powoloka mtsinje ankaimba, kuti wam'mbuyo adziwe kuti wam'tsogolo akadalipo. Wina akasiya kuyankha, ankadziwa kuti wapita. Nyimboyo anandiphunzitsa ine, chaka chawo chomaliza, ndikuwameta tsitsi."

A Sakala anavula magalasi n'kumuyang'ana mkazi wawo ngati akumuona koyamba.

"Atate ankaimba?"

"Kwa ine ankaimba."

"Tiimbireni, amayi!" anakuwa a Gideon kumbuyo, ena navomereza. Sheila naye anasendera pafupi, maso akuwala.

"Chonde, amayi Sakala. Tonse tikufuna timve."

Dolika anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi, mosafulumira.

"Zimenezo ndi zapakhomo pathu," anatero. "Pitirizani filimu yanu."

Sheila anadina rimoti. Mfuti zinayambanso, koma a Sakala sanayang'anenso TV. Mpaka filimu kutha ankangocheukira kumanzere, kumene kunali mkazi wawo, ndipo Dolika anamva kukoma kumene anachita nako manyazi pang'ono, koma osati kwambiri.

Pobwerera a Sakala ndi amene anakana kukwera njinga. Ankaikankha pang'onopang'ono, akutsokomola ngati munthu wofuna kupempha mbewu kwa mnansi.

"Amake Memory, nyimbo ija."

"Iti?"

"Musandizunze."

Atafika pakamlatho ka padambo, Dolika anaima. Tsopano ankamvetsa chifukwa chake apongozi ake aja ankati akafika pamzere wachiwiri amalekeza n'kudikira, mutu utapendekera kumbuyo, ngati pali wina woti ayankhe. Kale ankayesa ndi ukalamba chabe. Anayeretsa kukhosi naimba mzere woyamba, motsitsa mawu, monga ankaimbira a Mthunzi. Munali mawu a Chinyanja chakale osakaniza ndi ena achilendo amene iye sankawadziwa tanthauzo. A Sakala anagwira mahandulo mwamphamvu, mutu uli pansi. Misozi inagwera pabelu la njinga, ndipo panalibe wina woiona koma iye yekha.

"Kenako?" anafunsa patapita nthawi.

"Kwinako ndaiwala."

Linali bodza. Mizere inayi yotsalayo anali nayo yonse, sanataye ngakhale liwu limodzi. Koma ankadziwa kuti Loweruka likubweranso, ndipo Sheila sasamuka pamsewu paja. Anakonza duku lake n'kutsogola.

"Mwina ndikumbukira sabata yamawa," anatero osacheuka. "Tiyeni, mbuzi sizinalowe m'khola."