Lichero la Kompyuta ya a Mizeck

"Agogo, bwanji nkhope yanu imauma mukayamba kuseka?"

Anafunsa choncho ndi Yunike, mdzukulu wa a Mizeck Nyirenda, ali ku Solwezi komwe mayi ake, Belinda, amagwira ntchito ya unamwino. A Mizeck anali asanamunyamulepo mwanayo. Ankangomuonera pa kompyuta yakale imene Belinda anawasiyira kumudzi kwawo kwa Magodi, Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi. Koma chinthucho chinali chaulesi. Chithunzi chinkaima, mawu n'kumadukaduka, mpaka Yunike ankatopa n'kuthawira panja.

A Mizeck anakulira pa ngolo. Ng'ombe zikalephera chitunda suzimenya, umatsitsa matumba. Ndiye anayamba kutsitsa. Anafufuta nyimbo, osathandiza. Anafufuta zithunzi za fodya ndi za ng'ombe, kenaka, mtima ukuwawa, za ukwati wa Belinda, n'kukhuthula ndi kabini komwe, mogwera zofufutidwa.

Chinatsala chachikulu chimodzi: vidiyo ya malemu akazi awo, a Eness, akutsogolera nyimbo pakati pa amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi. Mawu awo sanatsale kwina kulikonse.

Loweruka masana anakhala pakhonde, kompyuta pamiyendo, n'kuionera vidiyoyo komaliza. Wakufa sakula, anadziuza, koma mwana akukula osandidziwa. Chala chinakana kutsika.

"Mwatandala uli, adada?" Anali a Judith, mphunzitsi wa ku Chipata wokhala nyumba yoyandikana, atabwera ndi botolo la mkaka. Anasuzumira pagalasi. "Iyayi! Amama mufuna kuwachita chiyani?"

"Katundu wachuluka, aphunzitsi. Mawa nifuna nimuone bwino mwana."

A Judith anaika botolo pansi n'kulanda kompyutayo. Anayesa netiweki ndi foni yawo, inali bwino. Anatsegula apa ndi apo.

"Adada, nkhokwe yanu ili pululu, mulibe kanthu. Vuto ni lichelo."

"Lichelo?"

"Zithunzi zikhala m'nkhokwe, sizilemetsa. Koma zimene kompyuta igwila panthawiyo iziika pa lichelo, amati RAM. Yanu ni ma GB awili chabe. Masiku ano anayi ni ongokhalila, asanu ndi atatu ndiye iyenda bwino. Olo mutenthe nkhokwe yonse, lichelo silikula."

A Mizeck anayang'ana ku khola.

"Ndiye za ukwati zija..."

"Munakhuthula kabini?"

Anagwedeza mutu kuvomera. A Judith sanawanamize.

"Kapena Belinda ali nazo zina. Mumufunse."

Anaitsegulanso vidiyo ija. A Eness anakweza dzanja, mawu awo n'kumveka pang'onopang'ono, ndipo onse awiri anamvetsera mpaka nyimbo inatha.

"Sukulu tikatseka nipita ku Chipata," anatero a Judith. "Niinyamula. Ngati makinawa alola, aikamo kachitsulo kena ka RAM. Akakana, nibwela nikuuzeni zoona. Mawa bwelani kwathu, mumuonele pa foni yanga."

"Ka galasi kang'ono kaja? Maso anga..."

"Muvala mandala. Koma nilonjezeni, adada, amama musawakhudze."

A Mizeck anatseka kompyuta mofatsa, n'kuisisita pamwamba.

"Siniwakhudza. Koma imwe mukabwele nayo mvula isanagwe."

"Nibwela nayo isanagwe."