Kalongonda wa Iness

Tayankhani msanga, inu owerenga: nyemba yonona bwino, anankafumbwe amangoinunkhiza n'kubwerera, koma mlamu wodzitama amaithamangira. N'chiyani? Mwagonja kale? Ndi kalongonda.

Iness, mwana wa ku Mulanje wokwatiwa kufupi ndi Jenda, anadabwa kuona kuchimuna akulima kalongonda kuti angowonjezera chonde m'nthaka.

"Ndiwotu izi!" anatero.

Apongozi ake anagwira pakamwa. "Mwana wanga, ukufuna kutimaliza?"

Iness analonjeza kuti aphika, onse adye, pasapezeke wodwala. Akalephera, dzina la mkamwana wodyetsa anthu chiphe limukakamira mpaka ukalamba.

Khalidwe la nyembayi ankalidziwa. Chimene chimamanga thupi ndi chimene chimailondera ku tizilombo n'zapachibale, zimagona m'khoko limodzi. Ndiye umawiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka ukali wonse wozunguza mutu uchoke.

Atangotaya madzi oyamba, anatulukira Bestone, mlamu wake wopalasa kabaza.

"Alamu, nkhuni zonsezi zithere nyemba? Ine mimba yanga njachingoni chomene! Ndinadyapo chinangwa chowawa chosaviika, mbwenu n'kukwera chitunda nditanyamula amayi onenepa!"

"Yewo, alamu, koma izi zisiyeni kaye," anatero Iness, n'kupita kumjigo.

Pobwera anapeza anthu adzaza pabwalo. Bestone anali atakumbatira mtengo wa mango, akuuchonderera kuti uleke kuzungulira. Apongozi anamutembenukira Iness, diso lili psuu. Sanadikire n'komwe kuti atule ndowa.

"Wam'patsa chiyani mwana wanga?"

"Sindinapakule, amama. Alamu, mwavundukula mphika?"

"Ine? Mwamuna wamkulu kuvundukula mphika?" Bestone anayankha lilime likulemera. "Malungo awa. Nyemba zingandichite chiyani ine?"

Iness anatula ndowa, n'kumugwira mkono kuti amukhazike pamphasa. Pomwe Bestone ankawerama, chipewa chake chinagwa, kalongonda wosapsa yemwe anali m'katimo n'kumwazika pabwalo ponse, wina atamatirira m'tsitsi. Kansi munthu anasungirako ndi wodya panjira!

Anayamba ndi apongozi omwewo, kuseka mpaka kukhala pansi. Amayi ena n'kumawombana m'manja, misozi ili mbwee.

"Sonkhezera moto, mwana wanga, tidye zakupsa," anatero apongozi akupukuta m'maso. "Ngwazi yathuyi uiphikire phala la ana."

Bestone, ali chagada pamphasa, anakweza chala. "Komabe akanakhala wina, bwenzi atafa."

"Gwirani mphasa, alamu," anatero Iness, "ingakuthaweni."