Chibowo pa Nsalu ya Roza

Nzeru ya tizigamba idali yanga, sindikana. Chaka chimenecho amuna a m'mudzi mwathu, kuphatikizapo amuna anga a Gregorio, adali m'minda ya fodya ku Halale, ife akazi titatsala m'mapiri a Dowa kulimbana ndi khasu. Ndalama ankatumiza ndithu, koma zinkafika zitaonda ngati ng'ombe za m'chilimwe. Positi inkadulako zake komweko. Kuno unkalipira basi yopita ku boma, kugulira tiyi mboni yoti ikavomereze kuti iwe ndiwe Manesi yemweyo, ukafika n'kumva zoti ubwerenso mawa. Ena adayesa madalaivala a malole. Iwowo ankadula pang'ono, koma lole ina inkasokera ndi ndalama zomwe, dalaivala n'kudzamveka kuti wakwatira ku Dedza.

Ine ndimadana ndi kudyeredwa masuku pamutu. Ndidakhala pansi n'kuyerekeza njira zonsezo, ndipo yotsika mtengo ndidaipeza kutsidya kwa dambo lathu lomweli. Kumeneko kunkakhala a Vinsenti, bambo wachikulire amene chaka chilichonse tikakolola ankapita ku Halale kukaoda mabulangete, n'kubwerako mvula isanagwe. Ulendo udali wawo kale. Ndidawapempha kuti azititengera ndalama zathu, ndipo iwo adangoti tiziwapatsa ya fodya basi.

Vuto lidali la mayina. A Vinsenti sankadziwa kuwerenga, komanso masiku amenewo pepala la mayina lochokera kunja likadatha kumugoneka munthu ku Dzaleka, ndende ija ya anthu owaganizira zoukira boma. Ndiye ndidati mayi aliyense adule kachigamba pa chitenje chake. A Vinsenti, poti nsalu ankazidziwa kuposa nkhope za anthu, akapereke kachigamba kalikonse kwa mwamuna wake, iye amangemo ndalama, ndipo pobwera mayi aliyense adzangotola kaphukusi ka nsalu yake. Tidalipo akazi asanu ndi anayi. Adanditama mpaka ndidayamba kuyenda monyang'wa popita kuchitsime. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mitambo itayamba kusonkhana, tidayamba kuyang'ana kunjira. Sabata yomwe tinkawayembekezera idatha. Lachiwiri la sabata inayo, mayi wina wochokera kumsika adabwera ndi nkhani yoti a Vinsenti adatsika basi pa Mponela bwinobwino, koma anyamata a chipani oyang'ana makhadi adawatsegulitsa sutikesi. Timaphukusi tisanu ndi titatu tidali ta nsalu wamba. Kachisanu ndi chinayi atakamasula adapeza diso ndi theka la mphuno. Kadali kachigamba ka nsalu ya chipani, ija yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, imene mayi aliyense ankayenera kukhala nayo ya kovina. Munthu wina adaidula pankhope penipeni.

Nsalu imeneyo sitinkakhalira pansi, sitinkaiyanika mozondotsa, ndipo poichapa tinkasamala kuti nkhope isamenyedwe pamwala anthu akuona. Nanji kuidula.

Tsiku lomwelo a Monika, apampando a amayi a chipani m'dera lathu, adayenda khomo ndi khomo. Sadali munthu woipa a Monika, koma udindo udawaumitsa khosi. Adati a Vinsenti ali m'manja mwa boma ndipo akungonena kuti sakukumbukira mwini kachigambako. Akuluakulu agamula kuti Loweruka mayi aliyense abwere ndi nsalu yake ya chipani pabwalo la sukulu, idzatambasulidwe pamaso pa anthu. Mwini wake akapezeka, wamtengatenga adzamasulidwa, poti iye adangonyamula. Akapanda kupezeka, mlandu udzakhala wa amene adapezeka nacho.

Sindidafunikire kuombeza. Ndidakumbukira kuti tsiku lopereka tizigamba aliyense ankaonetsa kake monyadira, kupatula Roza, mkazi wa mchimwene wanga, amene adapereka kake katakulungidwa ngati ndudu. Ndidamupeza kuseri kwa nkhokwe akusinja, mwana wa miyezi isanu ndi iwiri ali kumbuyo. Atangondiona, munsi udamupulumuka.

Tidalowa m'nyumba, iye n'kutulutsa nsalu ija mumtanga. Pakati penipeni padali chibowo choti chikhatho n'kulowa. Adandifotokozera kuti chitenje china adali nacho chimodzi chokha, chomwe ankaberekera mwana usana n'kufunda usiku, ndipo sakadachidula. Ya chipaniyo inkangogona mumtanga. Adaganiza zobudulako pangodya pomwe munthu sangaone, koma adaidula ili chipindire, ndipo ngodya yomwe adagwira idali ya mopindamo. Adazindikira ataitambasula, a Vinsenti atapita kale. Miyezi yonseyi ankavina ataipinda pawiri, mtima uli m'malere.

Ndidamukalipira, sindinama. Ndidamutchula mayina omwe amayi ake sadamupatse. Nditamaliza, iye adafunsa chinthu chimodzi.

"Alamu, kodi kumeneko amalola kupita ndi mwana woyamwa?"

Mkwiyo wanga udathera pomwepo. Amene adauza anthu kuti adule nsalu ndidali ine.

Masiku atatu otsatirawo ndidayesa khomo lililonse. Kugula ina kudali kosatheka, poti nsaluzo zinkadzera m'manja mwa a Monika, ndipo wogula sabata imeneyo akadakhala ngati wadziimbira yekha ng'oma. Kuitentha kudali chimodzimodzi, chifukwa wobwera chimanjamanja Loweruka akadakhala kuti wavomera. Lachinayi ndidatsika wapansi mpaka pa Mponela kwa a Ramadani, atelala amene ankatisinthiranso ndalama za ku Halale. Nsaluyo sindidaitenge. Ndidangofunsa mozungulira ngati chitenje chobooka pakati chingatheke kuchigamba osaoneka. Adaimitsa makina, adayang'ana kukhomo, n'kundiuza mwaulemu kuti maso awo adakalamba ndipo ntchito ya mtundu umenewo adaisiya Lachiwiri.

Pobwerera ndidakumana ndi a Tabita, akazi a a Vinsenti, akuchokera kokapereka chakudya komwe adasungidwa amuna awo. Chakudyacho adabwerera nacho. Komabe nkhope yawo idali yowala, ndipo adandigwira dzanja n'kunena kuti Loweruka silili patali, mwini nsalu apezeka, bambo abwera kudzabzala. Ndidavomera ndi mutu. Ndikaganiza za Roza ndinkaona a Vinsenti, ndikaganiza za a Vinsenti ndinkamva mwana akulira.

Loweruka kudacha kotentha. Pabwalo padali amayi a midzi inayi, tebulo pansi pa mtengo wa mbawa, a Monika ataima pambali pake, ndi amuna awiri achilendo ovala majekete atakhala pamipando. Anyamata a chipani a malaya ofiira adatiika pamzere. Aliyense akafika patebulo ankavula nsalu yake, a Monika n'kugwira mbali ina, kuitambasula, alendo aja n'kugwedeza mutu, mayiyo n'kupita kukakhala kumanzere.

Roza ndidamuuza m'mawa kuti aime kumapeto, abereke mwana ndi chitenje chake cha masiku onse, ya chipaniyo aipinde pawiri n'kumufunditsa mwanayo pamwamba, chibowo chili mkati. Sindidamuuze zambiri, chifukwa munthu wamantha ukamuuza zambiri amazionetsa pankhope. Ine ndidaima pafupi ndi kutsogolo. Yanga idatambasulidwa, nkhope zonse zili zamphumphu, ndipo ndidaikoleka paphewa n'kupita kumanzere.

Mzere unkafupika. Kutsogolo kwa Roza kudatsala amayi khumi, kenaka asanu ndi awiri. Milomo yake idali itauma gwa. Ndidanyamuka ndi chikho cha madzi ngati ndikukamupatsa, ndipo ndikumupatsira ndidalowetsa dzanja kumbuyo kwake n'kumutsina mwana pantchafu. Mulungu andikhululukire, ndidamutsina zenizeni. Mwana adalira moti mbalame zidathawa mumtengo.

"Bwera naye kuno, akusokosera alendo," ndidatero mokweza.

Palibe mwamuna amene amayang'anitsitsa akazi akamalandirana mwana. Roza adawerama, ine ndidawerama pambali pake, mwana adachoka pamsana wake kubwera pa wanga ndi nsalu zake zonse ziwiri, ndipo yanga ya paphewa idatsetserekera m'manja mwa Roza. Zidatenga nthawi yomwe munthu amatenga pomeza malovu. Nditaweramuka, maso anga adakumana ndi a a Monika. Adandiyang'ana, adayang'ana mwana, kenaka adatembenukira kwa mayi wotsatira n'kumuuza kuti afulumire. Mpaka lero sindidziwa chomwe adaona.

Ndidapita kukaima kumapeto kwa bwalo ndikumugwedeza mwana. Ndidaona Roza akufika patebulo, nsalu yanga ikutambasulidwa kachiwiri, alendo akugwedeza mutu. Atatha mayi womaliza, mmodzi wa alendowo adalankhula mawu ochepa oyamikira amayi a dera lathu chifukwa cha kukhulupirika kwawo. Adati tsopano zaoneka poyera kuti kachigamba kaja sikadachokere kuno, ndipo amene adabwera nako kuchokera kunja akafotokoza bwino komwe akupita. Tidaimba nyimbo ziwiri, tidaomba m'manja, tidabalalika.

Ndidasankha kanjira kodutsa m'munda wa chinangwa kuti ndisakumane ndi anthu. Roza ankabwera m'mbuyo patali, monga ndidamuuzira. Pamphambano ya kudambo ndidapeza a Tabita atakhala pachitsa. Iwo nsalu yawo idaonedwa koyambirira, ndipo adachoka msanga kukatsuka mbale ndi kukonza m'nyumba kuti amuna awo akafika apeze pabwino. Atandiona adaimirira.

"Zatha bwanji, mayi Manesi? Ndi ya yani?"

"Zonse ndi zabwinobwino, amayi," ndidayankha. "Sadapeze."

A Tabita adawerama kuti atole dengu lawo. Kenaka, poti mayi ndi mayi, adaona kuti mwana wapendekeka kumsana kwanga, mutu uli lende. Adabwera kumbuyo kwanga kuti amukweze. Ndidamva dzanja lawo likulowa pansi pa nsalu, likumukankhira mwana m'mwamba, kenaka lidaima. Zala zawo zidayenda pang'onopang'ono kuzungulira m'mphepete mwa chibowo chija.

Kubwalo anyamata a malaya ofiira adali asanachoke. Mawu awo ankamveka bwinobwino, ndipo a Tabita akadangokuwa kamodzi akadafika tisanaphethire. Sindidathawe, sindidapemphe. Ndidangoima ngati chitsa, mantha ndi manyazi zitandigwira pamodzi.

"Mwanayu ndi wa Roza?" adafunsa motsitsa.

"Eya."

"Akadayamwa?"

"Akadayamwa."

Adatulutsa dzanja. Adakoka nsalu ija, adaipinda bwino kuti chibowo chibisike, n'kuimanga okha pachifuwa panga, mfundo yolimba kuposa yomwe ndidamanga ine. Sadandiyang'ane kumaso. Adatola dengu lawo n'kutsikira kudambo, ndipo ndidawaona akuwoloka, akukwera kutsidya, mpaka adalowa m'nyumba yawo n'kutseka chitseko dzuwa lili pamutu.

Lolemba m'mawa galimoto idawatenga a Vinsenti kupita nawo ku Dzaleka, dzina la Roza lisanatuluke pakamwa pawo. Mvula idagwa Lachitatu. Ine ndi Roza tidapita ndi makasu athu kukabzala munda wawo tisanabzale yathu, ndipo a Tabita adatilola, koma tsiku lonse sadatilankhule.